Sitima Si Mutu Wokha: Tisamale Mabogi a Katundu

Ife amene tinakulira pafupi ndi siteshoni ya Balaka kumayambiriro a zaka za m'ma 1980 tikukumbukira bwino lomwe bambo wina wa ovololo yothimbirira ndi mafuta, amene ankayenda m'mbali mwa sitima ya katundu ikangoima, atanyamula hamala ya mpini wautali. Ankagogoda gudumu lililonse kamodzi, n'kutchera khutu. Gudumu lamoyo linkalira ngati belu la kutchalitchi, pamene gudumu long'aluka linkangoti phu, ngati mphika wosweka. Akatero ankakhudza bokosi la ekiselo ndi kuseri kwa dzanja lake kuti amve ngati latentha. Akapeza chovuta ankalemba ndi choko pa bogilo, ndipo bogi lotero linkadulidwa pa sitima n'kukankhidwira pa njanji ya pambali kufikira amisiri ataliona.

Ife ana sitinkawalabadira bambo amenewa. Maso athu onse ankakhala kutsogolo, pa mutu wa sitima ndi pa dalaivala amene ankaliza hutala. Lero ndakula, ndipo ndaona kuti ambiri a ife, ngakhale amene tili ndi maudindo m'maofesi a boma ndi m'makomiti a m'maboma, tikuyang'anabe sitima ndi maso a ana aja. Tikamakamba za chitukuko cha njanji timatchula makilomita, milatho ndi mitu ya sitima. Koma feteleza sakwera pa mutu wa sitima. Mafuta, shuga, fodya, simenti ndi chimanga zimakwera m'mabogi. Choncho ndikufuna kunena mosapsatira mawu kuti dziko limene lilibe mabogi okwanira, ndiponso lilibe amisiri ndi zipangizo zokonzera mabogiwo, lilibe njanji. Lili ndi zitsulo ziwiri zogona pansi.

M'chaka cha 2024 anthu anakondwera poona sitima za mafuta zikufika ku Kanengo kuchokera ku doko la Nacala, ndiponso ku Marka m'boma la Nsanje kuchokera ku Beira, patapita zaka zambirimbiri zotere zisakuchitika. Chimwemwe chimenecho chinali choyenera. Koma nyimbo zitatha ndi mbendera zitatsitsidwa, panatsala mafunso amene sitinafunsane mokwanira. Kodi matanki amene ananyamula mafutawo ndi angati amene angapezeke mlungu ndi mlungu? Nanga gudumu likaperepeseka kapena buleki ikafa, akakonzera kuti, ndipo adzakonza ndani? Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Amene walira njanji waliranso girizi, magudumu ndi malipiro a amisiri.

KUMENE TACHOKERA

Njanji si yachilendo m'dziko muno. Njanji yoyamba, yochokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908. Mu 1935 mlatho waukulu wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi unatsegulidwa, ndipo kuyambira pamenepo bogi lopakiridwa ku Limbe linkatha kukafika ku Beira popanda kutsitsa katundu kuti awoloke pa madzi. M'chaka chomwecho njanji inafika ku Salima. Titalandira ufulu wodzilamulira, njanji ya kuchokera pa Nkaya kukafika ku Nayuchi inatsegulidwa mu 1970 n'kutilumikiza ndi doko la Nacala. Kenaka, ndi thandizo la dziko la Canada, njanji inafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980.

M'masiku amenewo pafupifupi katundu yense wolowa ndi wotuluka m'dziko muno ankayenda pa njanji. Ku Limbe, kumene kunali likulu la Malawi Railways, kunali nyumba zikuluzikulu zokonzeramo mitu ya sitima ndi mabogi, ndipo mnyamata amene analowa kumeneko kukaphunzira ntchito ankatuluka ali mmisiri wolemekezeka, wotha kusema chitsulo, kuwotcherera ndi kumanga mabuleki. Luso lotero silinkathera pa njanji pokha. Munthu wodziwa kusema ekiselo ya bogi sangalephere kukonza chigayo, thirakitala kapena makina a pafakitale ya tiyi.

Tsoka linadza ndi nkhondo ya ku Mozambique. Pofika mu 1984 njira zonse ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, zinali zitasokonekera, ndipo katundu wathu anayamba kuzungulira pa malole mpaka ku Durban, mtunda woposa makilomita 2,000, pamene Nacala ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 800 kuchokera ku Blantyre. Bogi loima limawonongeka msanga kuposa loyenda: dzimbiri limadya pansi pake, mipira ya mabuleki imauma n'kung'aluka, ndipo akuba amayamba kuzula zitsulo. Mtendere utabwerera ku Mozambique mu 1992, amalonda anali atazolowera kale malole. Mu 1997 madzi osefukira anadula njanji ku Chiromo. Mu 1999 boma linapereka ntchito yoyendetsa njanji kwa kampani ya Central East African Railways. Mu 2010 njanji ya Mchinji inawoloka malire kukafika ku Chipata. Pambuyo pake kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga njanji yatsopano yodutsa ku Chikwawa, Mwanza ndi Neno kukalumikizana ndi yakale pa Nkaya, kuti malasha a ku Moatize azikafika ku nyanja ya mchere, ndipo mu 2022 inagulitsa mgodi ndi njanjiyo kwa kampani ya Vulcan.

Munthu amene waima pa Liwonde n'kuona sitima ya malasha ya mabogi oposa 100 ikudutsa angaganize kuti vuto la mabogi linatha. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mabogi amenewo anapangidwira malasha, ndi osavundikira pamwamba, ndipo ali ndi ntchito yawo usana ndi usiku. Simungathiremo dizilo, ndipo simungaikemo matumba a shuga nthawi ya dzinja. Akungodutsa m'dziko mwathu monga mlendo wopita kwina.

BOGI SI BOKOSI CHABE

Katundu aliyense ali ndi bogi lake. Feteleza, shuga, fodya ndi tiyi zimafuna bogi lotsekeka, la denga losadontha ndi zitseko zokhomeka. Petulo, dizilo ndi palafini zimafuna thanki, ndipo thanki imene yanyamula mafuta a mtundu wina singangothiridwa za mtundu wina isanatsukidwe ndi kuyesedwa ngati sikudontha. Makontena amafuna bogi lathyathyathya lokhala ndi zomangira m'ngodya. Miyala yothira pa njanji imafuna bogi lotseguka kunsi. Tsono tikamva kuti pali mabogi akutiakuti, funso la munthu wanzeru ndi lakuti: a mtundu wanji, ndipo ndi angati mwa iwo amene angayende mawa m'mawa?

Moyo wa bogi uli m'magudumu. Gudumu la sitima lili ndi mlomo m'mbali mwake umene umaligwira kuti lisachoke pa njanji. Pa njira ya makona ambiri ndi zitunda, monga yotsika kuchokera ku Blantyre kulowera ku chigwa, mlomo umenewu umadyeka msanga. Ukapyapyala kwambiri ukhoza kukwera pamwamba pa njanji, makamaka pa mphambano, ndipo sitima imagwa. Buleki ikagwira mosalekeza, gudumu limakhukhuluzika pa njanji n'kuphwathalala mbali imodzi, ndipo likamayenda limamenya njanji ngati hamala pa kuzungulira kulikonse. Mankhwala ake ndi kuchotsa magudumu awiriwo pamodzi ndi ekiselo yake, n'kuwaika pa makina aakulu osemera chitsulo kuti abwerere m'maonekedwe ake oyamba. Gudumu limasemedwa kangapo, kufikira litachepa mosayeneranso kugwira ntchito. Popanda makina amenewa ndi munthu wodziwa kuwayendetsa, bogi labwinobwino limaima miyezi chifukwa cha kachitsulo kochepa ngati chala.

Pali ziwalo zinanso zitatu zimene zimaimitsa mabogi kawirikawiri. Choyamba ndi mabering'i a pa ekiselo. Mabogi akale ankayendera mkuwa wonyowetsedwa ndi mafuta, n'chifukwa chake bambo aja ankakhudza bokosi ndi dzanja. Amakono ali ndi mabering'i otsekedwa, okhalitsa, koma akatha sakonzedwa pansi pa mtengo. Bering'i ikatentha mopitirira, ekiselo imatha kuduka sitima ili pa liwiro. Chachiwiri ndi zitsulo za buleki zimene zimakhuza gudumu. Izi zimatha ngati sopo ndipo zimafunika kusinthidwa nthawi ndi nthawi. Chachitatu ndi zolumikizira bogi ndi linzake, zimene zimasenza kulemera kwa sitima yonse pokwera chitunda.

Pa nkhani ya mabuleki pali phunziro kwa onse amene amasaina mapepala ogulira katundu wa boma. Njanji zambiri za kuno kummwera kwa Africa zinayamba ndi mabuleki ogwira ntchito pokoka mpweya kuuchotsa m'paipi, pamene sitima zolemera za masiku ano zimagwiritsa ntchito mabuleki a mpweya wopopedwa mwamphamvu. Mitundu iwiriyi sigwirizana. Pamene njanji ya TAZARA, yochokera ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi, inamangidwa ndi thandizo la China m'zaka za m'ma 1970, inabwera ndi mabuleki a mpweya wopopedwa, pamene Zambia Railways inali ndi a mtundu winawo, ndipo kusinthana mabogi kunavuta ngakhale kuti kukula kwa njanji kunali kumodzi. Chimodzimodzinso kulemera: bogi lopangidwira njanji yolimba ya malasha silingadzazidwe mpaka pakamwa pa njanji yakale ya zitsulo zopepuka ndi milatho yokalamba. Wogula mwachimbulimbuli akhoza kuwononga ndalama za dziko pa mabogi okongola amene sangafike ku Kanengo atadzaza. Safunsa anadya phula.

MASAMU A MASIKU

Pali njira ina yochulukitsira mabogi imene sifuna ngakhale tambala imodzi ya ndalama zakunja, ndipo imeneyi ili m'manja mwa ife ogwira ntchito m'boma. Tiyeni tiwerengere limodzi mwa chitsanzo. Ngati bogi lonyamula matani 40 likutenga masiku 10 kuchoka ku doko, kutsitsa katundu ndi kubwereranso, ndiye kuti pa chaka liyenda maulendo 36 ndipo linyamula matani 1,440. Koma ngati bogi lomwelo likutenga masiku 20, liyenda maulendo 18 okha, ndipo matani ake akhala 720. Taonani tsono: kuchedwa kwadya theka la bogi popanda wakuba kukhudza ngakhale bawuti imodzi. Mabogi 200 oyenda mofulumira amagwira ntchito ya mabogi 400 ozengereza.

Nanga masiku amenewa amatayika kuti? Sitima ikamayenda sitaya masiku ambiri. Amatayika bogi likaima pa malire kudikira pepala limene lili mu kabati ya bwana amene wapita ku msonkhano. Amatayika bogi likafika Lachisanu madzulo n'kupeza mosungira katundu mwatsekedwa kufikira Lolemba. Amatayika pamene mwini katundu wasandutsa bogi nkhokwe yake chifukwa sanakonze malo otsitsirapo. Amatayika pamene aganyu otsitsa matumba sanalipidwe ndipo akhala pansi pa mthunzi. Kalaliki amene wasunga fayilo masiku atatu angaganize kuti sanalakwire munthu, koma waimitsa matani 40 kuchulukitsa ndi mabogi onse a sitima imeneyo. Wakutsina khutu ndi mnansi: mawu awa ndikunena kwa ife tomwe, osati kwa alendo.

Kumbukiraninso kuti ulimi wathu sudikira. Feteleza wofika mu Januwale ndi wosiyana ndi wofika mu Okutobala, ngakhale thumba ndi lomwelo. Mlimi wa ku Mchinji kapena ku Ntcheu amene chimanga chake chayezuka chifukwa chosowa feteleza wokulitsa sadziwa kuti njala yake inayambira pa bogi limene linaima ku doko kusowa zitsulo za buleki. Vuto lina ndi lakuti katundu wathu amabwera mwa nyengo: feteleza amafunika onse pakamodzi mvula isanagwe, pamene fodya ndi shuga zimatuluka m'miyezi yake. Ngati oitanitsa ndi otumiza kunja sakhalira pamodzi kukonza ndondomeko, bogi limabwera lodzaza n'kubwerera lopanda kanthu, ndipo mtengo wa ulendo wopanda kanthuwo umagwera pa wogula wa kumudzi.

KUGULA, KUBWEREKA NDI KUKONZA

Njira zopezera mabogi zilipo zitatu. Yoyamba ndi kugula atsopano. Mafakitale opanga mabogi ali m'maiko monga South Africa, China, India ndi America, ndipo onse amafuna ndalama zakunja. Tonse tikudziwa mmene ndalama zimenezi zimavutira kupeza. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, gudumu lililonse, bering'i iliyonse ndi bogi lililonse logulidwa kunja linakwera mtengo usiku umodzi. Komanso bogi silili ngati thumba la mchere limene mungagule lero n'kunyamula. Mumaitanitsa, n'kudikira miyezi kuti lipangidwe ndi kuwoloka nyanja. Kugula n'kofunika ndithu, makamaka matanki a mafuta ndi mabogi a makontena, koma sikungakhale yankho lokhalo.

Njira yachiwiri ndi kubwereka pa lendi. Ku North America mabogi ochuluka si a makampani oyendetsa sitima ayi. Ndi a makampani obwereketsa ndi a eni katundu. Kampani ya GATX ya ku Chicago yakhala ikuchita malonda amenewa kuyambira mu 1898. Wobwereketsa amaopa chinthu chimodzi: kuti bogi lake likawoloka malire a maiko awiri kapena atatu, ndipo wobwereka akalephera kulipira, adzalipeza bwanji? Pofuna kuthetsa mantha amenewa maiko anapangana pangano lotchedwa Luxembourg Rail Protocol, limene linayamba kugwira ntchito mu 2024, lokhazikitsa kaundula mmodzi wa padziko lonse mmene bogi lililonse limapatsidwa nambala yakeyake ndi kulembedwa mwini wake. Akatswiri athu a zamalamulo ndi a zachuma ayenera kuliwerenga pangano limeneli mofatsa n'kulangiza boma. Ndiponso palibe choletsa makampani athu a shuga, a mafuta, a simenti ndi a fodya, ngakhale mabungwe osunga ndalama za penshoni, kukhala ndi mabogi awoawo n'kumalipira woyendetsa sitima kuti awakokere.

Njira yachitatu, imene ine ndikuiona kuti ndiyo maziko a zinazo, ndi kukonza. Bogi losamalidwa bwino limagwira ntchito zaka 30 kapena 40. Chimango chake chachitsulo chimakhalitsa kuposa ziwalo zake zonse. Magudumu, maekiselo ndi mabering'i tiyenera kugulabe kunja, pakuti tilibe ng'anjo zopangira chitsulo cholimba chotero, ndipo tisadzinamize pa mfundo imeneyi. Koma kusema magudumu, kuwotcherera zigamba, kusintha pansi podyeka ndi dzimbiri, kukonza zitseko ndi madenga, kumanga mapaipi a mabuleki, kutsuka ndi kuyesa matanki, kupenta ndi kulemba manambala, zonsezi ndi ntchito za manja a Amalawi. Ndalama ya ntchito imeneyi imatsala ku Limbe, ku Bangwe ndi ku Ndirande, n'kulipirira ana sukulu. Chimene tiyenera kupewa ndi chizolowezi chozula chiwalo pa bogi lina kuti tidzutse linzake. Lero mwadzutsa limodzi, koma mwapha lina. Pakutha pa zaka zisanu mupeza manda a mabogi m'mbali mwa siteshoni, udzu utamera m'kati.

Anansi athu anazindikira zimenezi kalekale. Zambia Railways ili ndi malo ake okonzera ku Kabwe, TAZARA ili nawo ku Mpika ndi ku Dar es Salaam, a ku Zimbabwe ali nawo ku Bulawayo, ndipo Transnet Engineering ya ku South Africa ili ndi mafakitale ku Koedoespoort, ku Bloemfontein ndi kwina. Mwayi wathu ndi wakuti njanji ya kuno ndi yofanana kukula ndi ya maiko onsewa, mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwiri, mosiyana ndi njanji yatsopano ya ku Tanzania ya mamilimita 1,435. Kutanthauza kuti zipangizo zogulidwa pamodzi ndi anansi zikhoza kutsika mtengo, ndipo mmisiri wophunzira ku Limbe akhoza kukonza bogi la ku Nampula kapena la ku Chipata. Ife tili pakatikati pa njira yochokera ku Moatize ndi ku Chipata kupita ku Nacala. Bogi lofa pa Nkaya lilibe chifukwa chokokedwera kutali ngati pafupi pali amisiri odalirika.

MAU A OTSUTSA

Ndikudziwa kuti alipo amene akuwerenga nkhani ino akupukusa mutu. Ena anena kuti njanji inaperekedwa kwa kampani, choncho za mabogi ndi za kampaniyo, boma lisalowererepo. Mfundo imeneyi ili ndi mbali yoona: boma siliyenera kulamula bawuti iliyonse. Koma amene wabwereketsa munda sasiya kukhala mwini munda. Pangano la pakati pa boma ndi woyendetsa njanji likamaunikidwa, nkhani ya kuchuluka kwa mabogi a katundu wamba, nthawi yowakonzera ndi maphunziro a amisiri iyenera kukhala pa tebulo. Kampani ya malonda imaika ndalama pamene pali phindu lodziwika. Malasha amapeza mabogi chifukwa mwini wake amalonjeza matani ake chaka ndi chaka. Boma ndi mabungwe ake ndiwo amaitanitsa gawo lalikulu la mafuta ndi feteleza. Akalonjeza molemba kuti matani akutiakuti adzayenda pa njanji kwa zaka zingapo, ndipo akamalipira pa nthawi yake, mabogi adzapezeka.

Ena anena kuti dziko lathu ndi laling'ono, njanji yake ndi yaifupi, ndipo fakitale ya mabogi singapindule. Ndikuvomereza kuti kumanga fakitale yopanga mabogi kuyambira pa chitsulo chosungunula kungakhale kudzikweza kopanda nzeru. Sindikupempha zimenezo. Ndikupempha kuti tiyambe ndi zimene tingathe: kukonza, kenaka kupanga tizipangizo tating'ono monga zitsulo za buleki, mapini ndi zitseko, ndipo m'tsogolo kulumikiza mabogi obwera m'zidutswa. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu 2021, amaika mafakitale pakati pa mizati itatu ya chitukuko. Mafakitale sayamba ndi mawu; amayamba ndi munthu wodziwa kuyeza chitsulo mpaka pa kachigawo ka milimita.

Palinso abale athu eni malole ndi madalaivala awo, amene akuopa kuti njanji ikadzuka iwo agona ndi njala. Mantha awo sitiwanyoza, pakuti ndi malole amene anapulumutsa dziko lino pamene njanji zinatsekeka. Koma njanji sifika ku Mzimba, ku Chitipa kapena ku Mangochi. Katundu wofika ku Kanengo, ku Liwonde kapena ku Limbe adzafunabe lole yomufikitsa kwa mlimi ndi kwa wogulitsa m'sitolo. Lole yaikulu imanyamula matani pafupifupi 30. Sitima imodzi ya mabogi 30 imachotsa malole 40 pa msewu wautali. Misewu yathu, imene timaikonza ndi misonkho ya anthu osauka, idzapuma, ndipo dizilo amene timagula ndi ndalama zakunja kuti anyamule dizilo mnzake adzachepa.

NTCHITO ILI PATSOGOLO PATHU

Choyamba, tiyeni tiwerenge. Unduna woona za mtengatenga uyenera kukhala ndi kaundula wa bogi lililonse loyenda m'dziko muno: mtundu wake, zaka zake, mwini wake, ndi ngati likuyenda, likudikira zipangizo kapena linafa. Chiwerengero chimenechi chizilengezedwa chaka ndi chaka ku Nyumba ya Malamulo monga mmene timalengezera zokolola za chimanga. Chachiwiri, ofesi iliyonse imene pepala la sitima limadutsamo idziikire nthawi yosapitirira, ndipo sitima ikafika Loweruka itsitsidwe Loweruka. Chachitatu, pogawa ndalama zakunja, zipangizo za mabogi ziziwerengedwa pamodzi ndi mafuta ndi feteleza, pakuti n'zopanda nzeru kulipira katundu n'kumana ndalama chotengera chake.

Chachinayi ndi maphunziro. Amisiri amene anaphunzira ntchito m'masiku a Malawi Railways akukalamba, ndipo ambiri anapuma kale. Luso lawo silinalembedwe lonse m'mabuku. Lili m'manja ndi m'makutu mwawo. Bungwe la TEVETA, sukulu za ntchito zamanja monga Soche, Nasawa ndi Lilongwe, pamodzi ndi yunivesite ya MUBAS, zigwirizane ndi oyendetsa njanji kuti anyamata ndi atsikana aziphunzira pa bogi lenileni, osati pa bolodi pokha, ndipo akuluakulu opuma aja aitanidwe kudzaphunzitsa akadali ndi mphamvu. Madzi akatayika saoleka.

Chachisanu chikukhudza mafumu, makhansala ndi atsogoleri onse a m'midzi imene njanji imadutsamo. Munthu amene amazula paipi ya buleki, kumasula mabawuti a njanji kapena kuboola thanki ya mafuta kuti akagulitse, si wochenjera ayi. Ndi mdani wa mudzi wake womwe. Chitsulo chimene wagulitsa pa mtengo wa mbale ya ufa chimaimitsa bogi la matani 40, ndipo chikhoza kugwetsa sitima pakati pa nyumba za anthu. Wogula zitsulo zakutha amene amalandira katundu wotere usiku ndi wolakwa chimodzimodzi. Pa misonkhano ya chitukuko, pa maliro ndi m'mipingo, nkhani imeneyi inenedwe poyera, ndipo wakuba asabisidwe chifukwa ndi mphwathu.

Makolo athu anati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Kam'mwamba ndi mtengo wa feteleza, wa mafuta ndi wa matola, zimene tonse timadandaula nazo. Kapansi ndi gudumu, buleki ndi girizi, zimene palibe amaziimbira nyimbo. Masiku ano pa njanji zamakono pali makina oikidwa m'mbali mwa njira amene amamva kutentha kwa bering'i sitima ikudutsa, ndipo hamala ya bambo a ku Balaka aja inapachikidwa. Koma ntchito yawo sinathe. Pakufunikabe munthu wotchera khutu, wolemba chovuta ndi choko, ndi wina wokonza bogilo mlungu womwewo. Tsiku lina sitima ikadzaima pa siteshoni ya kwanu, musathamangire kutsogolo kokha. Yendani cham'mbuyo, muwerenge mabogi, muone angati ali ndi katundu wa dziko lino, ndipo mukabwerera ku ofesi Lolemba muyambe ndi fayilo ija yakhala pa tebulo panu.